Momwe mungapezere mwayi wokaphunzira kunja muli konkuno ku Zomba

Mwezi wa Ogasiti ukangofika, pakhomo panga ku Matawale sipasowa mlendo. Ena ndi ana amene angomaliza kumene ku Chanco, ena ndi aphunzitsi ochokera ku Domasi, ndipo funso lawo limakhala limodzi: kodi anzathu amene akupita kukaphunzira kunja amadutsa pati? Sikolashipu zilipo, ndipo zikuluzikulu zonse kufunsira kwake n'kwaulere. Ambiri amene ndawaona akulephera anali anzeru ndithu, koma anagwa pa mapepala ndi pa nthawi. Tiyambire pomwepo.

Choyamba, sonkhanitsani mapepala

Musanasankhe n'komwe dziko, tulutsani satifiketi ya MSCE, digiri kapena dipuloma yanu, chiphaso cha unzika ndi pasipoti, muziyale pa tebulo. Werengani dzina lanu pa pepala lililonse, chilembo ndi chilembo, kenako tsiku lobadwa. Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza anali ndi dzina lapakati pa satifiketi, pa pasipoti mulibe, ndipo chaka chobadwa chinasiyana chifukwa cha momwe anamulembetsera ku pulayimale. Kwathu kuno timangoti ndi munthu yemweyo. Wowerenga fomu yanu ku London sakudziwani, amangoona anthu awiri. Zikasiyana chonchi, pitani kwa loya kapena kukhoti mukalumbire pa chikalata chotsimikiza kuti mayinawo ndi anu, ndipo muchite izi miyezi isanathe.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi chifukwa likulu la MANEB lili momwemuno. Ngati satifiketi inatayika kapena inadyedwa ndi chiswe, kafunseni komweko za chikalata chotsimikizira zotsatira zanu. Amene munaphunzira ku University of Malawi, pemphani transcript, chikalata chosonyeza magiredi anu onse, ku ofesi ya Registrar msanga, osadikira sabata yotsekera. Pasipoti ngati mulibe, yambani lero ku ofesi ya Immigration, chifukwa tsiku lotulukira silikhala m'manja mwanu.

Mapepalawa muwasikane bwino pa makina. Chithunzi cha pa foni chooneka chala ndi chitenje pansi pake chimakuchotserani ulemu. Mukatero, mudzitumizire pa imelo yanu.

Chachiwiri, gogodani pa khomo loyenera

Wa MSCE yokha adziwe kuti mayunivesite ambiri a ku Britain amaiona ngati GCSE, mayeso a kumeneko olembedwa munthu asanafike pa mlingo wolowera ku yunivesite, ndiye salowetsa munthu mu digiri mwachindunji. Khomo labwino kwa inu ndi Mastercard Foundation Scholars Program, imene imalipirira ophunzira ochokera m'mabanja osauka m'mayunivesite monga Makerere ku Uganda, Ashesi ku Ghana ndi University of Cape Town. Mumafunsira ku yunivesiteyo, ndipo iliyonse ili ndi masiku ndi zofuna zake. Boma la Japan nalo limalengeza sikolashipu ya MEXT kudzera ku ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe.

Kwa amene muli ndi digiri, makomo ndi ambiri. Chevening ya boma la Britain imalipira masitazi ya chaka chimodzi, ndege ndi ndalama zodyera. Imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito maola osachepera 2,800, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, musankhe makosi atatu, ndipo mulonjeze kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Pali Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye opikisana nawo amachepako. Pali Canon Collins ya kukaphunzira ku South Africa, DAAD ya ku Germany, Fulbright ya ku America, komanso Ireland Fellows Programme. Ine ndimalangiza kusankha zitatu zokha n'kuzilemba mwakhama, kusiyana n'kumwaza mafomu khumi olembedwa mothamanga. Wofuna ku South Africa ayambe msanga kutumiza mapepala ake ku SAQA, bungwe limene limayeza maphunziro a kunja kwa dzikolo.

Ngati ndinu wothawa kwawo

Abale athu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene ali ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994, ali ndi njira zawo. Sikolashipu ya DAFI, imene inayamba mu 1992 ndi ndalama za boma la Germany ndipo imayendetsedwa ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, imalipirira maphunziro a ku yunivesite. WUSC, bungwe la ku Canada, kudzera mu Student Refugee Program, yakhala ikutengera achinyamata ku Canada kuyambira 1978, ndipo amakafika monga anthu ololedwa kukhazikika, osati alendo. Chofunika kwambiri apa ndi chikalata chosonyeza kuti ndinu wothawa kwawo wovomerezeka, ndipo mayina akhale ofanana ndi a pa satifiketi ya sukulu. Zilengezo zimadutsa mwa UNHCR ndi mabungwe ogwira ntchito mumsasamo. Ngati muli m'kalasi limodzi ndi wophunzira wochokera ku Dzaleka, muuzeni zimenezi, ndipo mumuwerengereko nkhani yake yofunsira sikolashipu asanatumize.

Chachitatu, nkhani yanu

Apa m'pamene pagona mutu wa nkhani. Pa nkhani yodzifotokoza imene mumatumiza ndi fomu, pafupifupi aliyense amalemba kuti Malawi ndi dziko losauka ndipo akufuna kudzalitukula. Owerenga aona mawu amenewa kambirimbiri. Lembani zimene munachita ndi manja anu. Mnyamata wina amene anaphunzira za chilengedwe anandibweretsera masamba awiri odzaza mawu akuluakulu. Titakhala pansi n'kucheza, ndinamva kuti anakhala miyezi yambiri ndi asodzi a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, akulemba mu kope momwe madzi ankaphwerera ndi momwe matemba ankachepera, mpaka anayambitsa kagulu ka amayi odzala mitengo m'mbali mwa mtsinje. Zonsezi sanalembe, ankaziona ngati zazing'ono. Ndinamuuza kuti ang'ambe masamba aja, ayambire pa kope lija.

Tchulani malo, chiwerengero cha anthu, chimene chinavuta ndi chimene chinasintha. Kenako sonyezani kuti kosi mwasankhayo ikugwirizana bwanji ndi ntchitoyo. Musakopere za mnzanu kapena za pa intaneti, amazigwira.

Okuchitirani umboni akhale anthu amene amakudziwani, monga mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wanu kapena bwana wa kuntchito. Apempheni kudakali mwezi wathunthu, muwapatse CV yanu, ndipo muziwakumbutsa mwaulemu.

Chachinayi, Chingerezi ndi tsiku lotsekera

Mayunivesite ena amalandira kalata yochokera ku koleji yanu yonena kuti munaphunzira m'Chingerezi. Ena amafuna mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, amene ndi odula ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho funsani kaye musanalipire.

Tumizani fomu kutatsala masiku atatu kapena kuposerapo. Ndinaonapo munthu akulira pa kompyuta magetsi atazima, kutatsala ola limodzi. Onaninso kuti ola lotsekera ndi la dziko liti: 12 koloko masana pa nthawi ya GMT ndi 2 koloko kwathu kuno.

Chachisanu, chenjerani ndi maajenti

Izi zimandipweteka mtima. Msuweni wanga anagulitsa ziweto kuti alipire munthu wina amene anamulonjeza pa WhatsApp malo a sukulu ndi ntchito ku Ulaya. Ndalama zitangopita pa foni, nambala ija inazima. Tonse tinamvanso za amayi a kuno amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti ndi kuzunzidwa m'nyumba za anthu. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti akusungireni malo pa sikolashipu ndi wakuba. Tsegulani nokha tsamba la yunivesite kapena la ofesi ya kazembe. Funsaninso ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ku Lilongwe ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, kuti digiri yanu idzagwire ntchito mukabwerera.

Akakusankhani, werengani kalatayo bwino kuti mudziwe zimene akulipira ndi zimene zatsalira inu. Viza ya ku Britain yopitirira miyezi 6 imafuna kuyezetsa TB ku chipatala chimene iwo anavomereza, ndipo mayiko ena amafuna kalata ya ku polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Sungani ndalama za maulendo angapo a ku Lilongwe, ndipo satifiketi zenizeni mudzazinyamule m'chikwama cha m'manja pokwera ndege, osati m'sutikesi.