Penti musamusankhire pa kauntala, khoma lili kunyumba

Chitsekereni msika wa fodya ku Chinkhoma, ndalowa m'nyumba zatsopano zingapo kuno ku Kasungu, koma zina mkati mwake muli bii ngati m'chigafa. Amisiri sanalakwe ayi. Eninyumba ndi amene akusankha penti poyang'ana kadontho ka pachivindikiro, ali chiimire m'sitolo.

Ambiri mumavutika pakati pa mitundu iwiri: kirimu, ndi uja wonga tiyi wamkaka amene pachidebe amalemba kuti beige. Pakadontho mumati ndi pachibale. Pakhoma amasiyana kutali. Kirimu amapendekera ku chikasu ndipo amabweza kuwala kwambiri, pamene beige amapendekera ku bulauni, amameza kuwala. Ndiye taganizani nyumba zathuzi: mazenera ang'onoang'ono, khonde lalitali lotchinga dzuwa, siling'i mulibe, pansi mwapaka polishi wofiira. Kufiira kwa pansiko kumakwera pakhoma, beige uja n'kuoneka ngati mwazira ndi katondo. Utoto uliwonse ukadzaza khoma lonse umaoneka wakuya kuposa pakadontho, izi ndanena kangati kodi?

Bambo wina wa ku Chamama anagula zidebe ziwiri za malita 20 za beige, ati poti amachedwa kuda ndi fumbi la mu Okutobala. Mfundoyo si yabodza. Koma atapenta, mayi akunyumba anayamba kuyatsa babu la sola masanasana kuti aone posankha nyemba. Ndinamufunsa, "Bambo, munayesako pakhoma musanagule?" Iye amvekere, "Alangizi, penti ndi penti basi, bambo anga ankangopaka laimu." Inde, koma laimu ndi woyera, sankafuna kusankha! Mapeto ake anakagulanso kirimu, n'kupaka kawiri kuti wakale uja abisike, kulipiranso wopenta. Ndalama imeneyo ikanagula feteleza.

Sindikuti beige ndi woipa. Pabalaza la mazenera aakulu amakhala bwino, ndipo amabisadi zala za ana. Kirimu naye dzuwa la madzulo likamuwomba amachita chikasu chonyanya, ena sachikonda.

Chochita n'chachidule. Gulani timabotolo kapena titini ting'onoting'ono ta mitundu yonse iwiri, pakani malo okwana mita imodzi pakhoma la chipinda chomwe mukufuna kupentacho, kawiri, mudikire aume. Mukaoneko m'mawa, madzulo, ndi usiku babu litayaka. Za kudikira pulasitala aume musanapente, izo mukuzidziwa kale.