Ilala ikaima ku Likoma, tsikulo muliyende bwanji?

Mwafunsa kuti muchite chiyani pachilumba mukachoka kuno ku Mzuzu n'kukakwera Ilala ku Nkhata Bay.

Musanatsike, funsani ogwira ntchito m'sitima kuti inyamuka nthawi yanji, ndipo mufunse anthu awiri, pakuti nthawi yake imadalira katundu wotsitsa. Kenako ikani foni ndi ndalama m'jumbo, mumange pakamwa. Ngati mungatsikire paboti laling'ono, mutha kukankhana ndi matumba a ufa, madzi n'kukufikani m'maondo. Ndalama zapamanja mutapiretu ku Mzuzu konkuno.

Mukaponda mtunda, lunjikani ku tchalitchi cha St Peter's dzuwa lisanakwere. Amishoni a Anglican adayamba kuchimanga mu 1903, ndipo kukula kwake mungadabwe pachilumba chaching'ono chotere. Lowani mwaulemu, anthu amapempheramo mpaka lero. Apa musathamange, ndi pamene pali phindu la ulendo wonse.

Mukatero, nsima ya kondowole ndi nsomba kumsika, muone milambe ndi mapiri a Mozambique kutsidya.

Bwererani kudoko patatsala ola lathunthu kuti sitima inyamuke. Ikakusiyani, mungadikire masiku.