Mchere wa agwape pa malo osakira ku America: woyenera ndi uti, nanga uikidwe liti?

Inu amene mukusamala malo osakirapo nyama ku United States, kumene kuli agwape a mtundu wa white-tailed deer, musanagule thumba la mchere yambani mwafunsa malamulo a dera lanu. Ndayambira pamenepa chifukwa cha matenda a Chronic Wasting Disease, omwe anaoneka koyamba ku Colorado mu 1967. Matendawa amaononga ubongo wa nyama, alibe mankhwala, ndipo amafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe. Choyambitsa chake chimakhala m'dothi zaka zambiri. Taganizani tsono agwape ambirimbiri akunyambita pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake m'maboma ambiri a ku Wisconsin ndi madera ena kumene matendawa apezeka, kuika mchere kapena chakudya cha agwape n'koletsedwa. Ngati kwanu alipo, musaike, ngakhale mnansi wanu akuika.

Kumene lamulo likulola, nthawi yake ndi kuyambira Malichi mpaka Ogasiti. Chisanu chikatha, msipu umaphuka wanthete, wodzaza madzi ndi potaziyamu, ndipo thupi la gwape limataya sodiyamu wambiri. Apa ndi pamene nyama imakhumba mchere mpaka kukumba dothi ndi ziboda. Miyezi yomweyi atonde, kutanthauza agwape aamuna, amakhala akumera nyanga zatsopano, popeza zakale zimathothoka m'nyengo yozizira chaka chilichonse. Akazi nawo amakhala ndi bere, lomwe limatenga masiku pafupifupi 200, ndipo amaswa mu Meyi ndi Juni n'kuyamba kuyamwitsa. Ikafika Seputembala nyanga zauma, khungu laubweya limene limakuta nyanga zikamakula lasendeka, ndipo agwape amachepetsa okha kubwera. Woika mchere mu Novembala wachedwa, komanso m'madera ena akhoza kuimbidwa mlandu wotchera nyambo nthawi yosaka.

Pa thumba musayang'ane chithunzi cha tonde wa nyanga zikuluzikulu. Tembenuzani muwerenge zolembedwa kumbuyo. Nyanga youma imakhala ndi kashiamu pafupifupi magawo 22 pa 100 ndi fosiforasi magawo 11, choncho funani msanganizo umene kashiamu akuposa fosiforasi kawiri. Mchere wamba ukhalemo ndithu, pakuti ndiwo umakoka nyama. Dicalcium phosphate, ufa wopereka kashiamu ndi fosiforasi, payekha ndi wowawa, gwape amangomununkhiza n'kudutsa. Koma thumba limene pafupifupi lonse ndi mchere ndi zonunkhiritsa, mukulipira ndalama zambiri pa chinthu chimene mukanachipeza motchipa kusitolo ya zakudya za ng'ombe. Ngati pafupi pali nkhosa, samalani ndi msanganizo wokhala ndi kopa, chifukwa amazipha akachuluka.

Pali china chimene ogulitsa sakonda kunena, koma ine ndinena. Pa agwape oyenda momasuka m'tchire, kafukufuku sanasonyeze kuti mchere umakulitsa nyanga. Nyanga ikamakula, gawo lalikulu limakhala mapuloteni, ndipo tonde amatapa kashiamu m'nthiti zake zomwe n'kudzabwezera pambuyo pake kuchokera ku msipu. Zimene zimapanga nyanga zabwino ndi msinkhu, chakudya ndi mtundu wa makolo. Tonde wophedwa ali ndi chaka chimodzi ndi theka sanapatsidwe mpata. Ndalama zanu zipite kaye ku kupimitsa dothi, kuthira laimu pamene lili ndi asidi, kudzala clover (chomera cha msipu cha mtundu wa nyemba), ndi kupatulira mitengo kuti dzuwa lifike pansi zitsamba ziphuke. Mchere ubwere pambuyo.

Poika, sankhani malo a dothi lamakande osadikha madzi, pafupi ndi mkwaso wa nyama, kutali ndi msewu ndi mtsinje. Palani masamba, tipulani pang'ono, sakanizani mchere ndi dothi, kapena thirani pa chitsa chowola. Malo amodzi pa maekala 100 ndi okwana. Muonjezerepo kumayambiriro a Juni mvula ikakokolola. Mukaona gwape wowonda, wotuluka dovu, woweramitsa mutu ndiponso wosathawa munthu, lekani kuthira, tchingani malowo, ndipo dziwitsani alangizi a zanyama zakutchire a dera lanu tsiku lomwelo.