Musanabzale koko, yang'anani kaye masamba

Ngati muli ndi malo a lowe pomwe mbewu zina zimangofa ndi madzi, bzalanipo koko. Amakonda chinyontho, ndipo masamba ake amadyedwanso akapsa bwino.

Koma chonde, mbewu musamangotenga paliponse. Pitani nokha m'munda womwe mukufuna kutengamo mphukira, mukaone masamba. Mukapeza mawanga abulauni otuluka timadzi tachikasu, mbewuyo isiyeni ngakhale ikhale yaulere. Chimenecho ndi chiwawu, ndipo chimafala msanga nthawi ya mvula; mu 1993 chinatha pafupifupi koko yense ku Samoa, dziko la zilumba la m'nyanja ya Pacific. Chikalowa m'munda mwanu, masamba odwala duleni msanga, mukakwirire kutali.

Koko amakhwima pakatha miyezi 7 mpaka 12. Kumbani wokwanira kudya kapena kugulitsa basi, chifukwa wokumba sachedwa kuola, makamaka wotemeka ndi khasu.