Wi-Fi ya m'dera lathu: momwe mungaitetezere kuti isamadukeduke

Netiweki ikamadukaduka, ambiri amathamangira kugula rauta ina (kachipangizo kogawa Wi-Fi). Koma kuno ku Mzuzu chimene chimapha zipangizo kawirikawiri ndi magetsi, madzi ndi mphenzi.

Yambani ndi magetsi. Rauta, switch (kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki) ndi ma antena awiri zimadya mawati pafupifupi 30. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh, koma ngati ndi ya asidi musamaidye kupitirira theka, apo ayi ifa msanga. Zotsalazo, 600Wh, zikukwanirani maola ngati 20 magetsi atathima. Mukaika sola, isakhale yongokwana ndendende, chifukwa mu Juni ndi Julayi dzuwa limabisala m'mitambo masiku angapo.

Pamlongoti gwiritsani ntchito waya wapanja wa Cat6, wosapitirira mamita 100. Waya wam'nyumba amang'ambika ndi dzuwa, madzi n'kuyenda m'kati mwake mpaka kukafika pa PoE, kachipangizo kotumiza magetsi ku antena kudzera m'waya womwewo. Asanalowe m'khoma, mupindireni pansi ngati chilembo cha U kuti madzi azidontha panja. Ikani surge protector (chotetezera zipangizo ku mphenzi) pamwamba ndi pansi, zonse zilumikizidwe ku chitsulo cha kopa chokhomeredwa m'nthaka. Popanda chitsulocho, mwangotaya ndalama.

Ma antena awiri azionana popanda chotchinga. Ngati mukulumikiza Katoto ndi Chibavi, kwerani padenga muone nokha. Masamba onyowa a bulugamu ndi paini amafooketsa kwambiri mafunde a Wi-Fi a 5GHz, n'chifukwa chake netiweki imayenda bwino mu Okutobala koma n'kumavuta mu Febuluwale. Pa 2.4GHz sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11 basi, zinazo zimapondana.

Tsono za chitetezo. Tsiku loyamba lomwelo sinthani pasiwedi yomwe rauta idabwera nayo, chifukwa "admin" aliyense amaidziwa. Zimitsani WPS (njira yolumikizira popanda kulemba pasiwedi), sankhani WPA2 kapena WPA3 ngati loko wa Wi-Fi, ndipo yatsani client isolation kuti foni ya wina isamaone kompyuta ya mnzake. Pasiwedi imodzi ya dera lonse siichedwa kufika pa WhatsApp. Ndi bwino aliyense akhale ndi vocha yake yokhala ndi malire a liwiro. Rauta za MikroTik zimatha zimenezi.

Firmware (pulogalamu ya m'kati mwa rauta) muziika yatsopano miyezi itatu iliyonse, koma muziyamba mwasunga backup (kope la masetingi) pa flash. Makiyi a bokosi la zipangizo ndi pasiwedi ya admin zikhale ndi anthu awiri a mu komiti, osati mmodzi. Ngati mukufuna kumalipiritsa anthu, kafunseni kaye ku MACRA za chiphaso.