Mmene mungalukire sikafu ya Tom Baker ya mu Doctor Who

Katundu wa Doctor Who, pulogalamu ya pa TV ya ku Britain, ndi wambiri: zidole za Dalek, timabokosi tabuluu ta TARDIS, mabuku a Target, magazini omwe akhala akutuluka kuyambira 1979. Koma chinthu chimene okonda pulogalamuyi amachizindikira ali patali ndi sikafu yaitali yamawangamawanga imene Tom Baker ankavala pamene ankasewera Doctor wachinayi, mwini nkhani wa pulogalamuyi, pa BBC, kuyambira 1974 mpaka 1981. Ilipo yogulitsa yololedwa ndi BBC, monga ya kampani ya Lovarzi. Komabe yoyambirirayo inalukidwa pamanja, ndipo yoluka pamanja ndiyo imalemera ndi kulendewera mofanana nayo. Wokonza zovala, James Acheson, anapatsa mayi wina dzina lake Begonia Pope ulusi wamitundumitundu kuti aluke sikafu, mayiyo n'kuluka ulusi wonse osasiyako, ndiye chifukwa chake inatalika chonchija.

Kalukidwe kake ndi kophweka, sitichi ndi imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zimene zimalakwika ndi mitundu ya ulusi, kutalika, ndi malo osinthira ulusi.

Sankhani kaye sikafu yake

Sikafuyi sinali imodzimodzi zaka zonsezo. Ya mu 1974 ndi 1975, imene imaoneka m'nkhani za "The Ark in Space" ndi "Genesis of the Daleks", inali yotalika pafupifupi mamita 3.6. Pambuyo pake inkang'ambika, kusokedwa zigamba ndi kudulidwa mbali zina, ndipo kenako analumikizako ina n'kutalika kwambiri. Mu 1980 wokonza zovala wina, June Hudson, anakonza ina yosiyaniratu, yofiira moderako ndi yapepo. Woyamba kumene aluke ya 1974. Ndi yaifupi poyerekeza ndi yolumikizidwayo ndi ya 1980, ndiponso ndiyo anthu amaidziwa.

Ulusi

Mitundu yake ndi 7: khaki, bulauni, wofiira ngati dzimbiri, wachikasu woderako, wobiriwira wopita ku bulauni, wotuwa, ndi wapepo wakuda. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amagula wofiira wowala, wachikasu wowala, wobiriwira ngati msipu, sikafu n'kutuluka yothobwa m'maso. Mitundu yonse ya sikafu yeniyeni ndi yozimirira. Zithunzi zimanamiza chifukwa m'zaka zimenezo zambiri za panja ankazijambula pa filimu pamene za m'situdiyo ankazijambula pa tepi ya vidiyo pansi pa magetsi owala kwambiri, choncho ulusi womwewo umaoneka mosiyana. Wotuwa nthawi zina umaoneka ngati wabuluu, koma musagule wabuluu. Posankha m'sitolo, ikani mipukutu yonse 7 pamodzi n'kuiona pa kuwala kwa dzuwa. Ngati umodzi ukukopa maso kuposa inzake, ubwezeni.

Gulani ulusi wolembedwa DK, umene ndi wonenepa mwapakatikati, ndipo mitundu yonse ikhale ya kampani imodzi. Mukasakaniza wonenepa ndi wowonda, chigawo china chidzatambalala china n'kufinyika, mphepete n'kukhala yokhotakhota. Wa ubweya wa nkhosa ndiwo wabwino: umalendewera bwino ndipo umawongoka ukanyowetsedwa. Wa acrylic ndi wotchipa, sutopetsa kupeza, suyabwa pakhosi, koma umachita timabulungu msanga.

Ulusi wonse ufike mamita 1,500. Ngati mukugula wa acrylic wa magalamu 100, umene nthawi zambiri umakhala ndi mamita 280 kapena kupitirira pang'ono, tengani iwiri ya khaki ndi umodziumodzi wa mitundu inayo, yonse ikhale 8. Ngati ndi wa ubweya wa magalamu 50, tengani itatu ya khaki ndi iwiriiwiri ya inayo. Pa pepala la mpukutu pamakhala nambala ya utoto yolembedwa kuti dye lot. Mipukutu ya mtundu umodzi ikhale ya nambala imodzi, apo ayi khaki wa koyambirira adzasiyana ndi wa kumapeto, ndipo kusiyanako kumaoneka sikafu ikazungulizidwa pakhosi, mbali ziwirizo zikagundana.

Zina zofunika ndi singano zolukira za mamilimita 4, singano yosokera ulusi yobuntha kunsonga, kasingano ka ngowe kolukira zidoilo, tepi yoyezera, lumo, pini, ndi kope lolembamo mizere. Singano yolumikizidwa ndi chingwe cha masentimita 60 kapena 80 imaposa ziwiri zowongoka, pakuti sikafu ikakula kulemera kwake kumakhala pamiyendo osati pa mikono.

Kansalu koyesera

Musalumphe gawo ili. Ikani masitichi 30, lukani mizere 40, malizani. Yezani kuti m'masentimita 10 mukulowa masitichi angati. Akakhala 22, ndiye kuti masitichi 60 akupatsani masentimita 27 m'lifupi, ndipo 66 akupatsani 30. Akapitirira 24, dzanja lanu ndi lolimba, sinthani singano mutenge ya 4.5. Akachepera 20, tengani ya 3.5.

Kenako kolekani kansaluko, kumunsi kwake mupanikizeko mapegi anayi kapena asanu, kagone choncho usiku umodzi, mawa muyezenso. Mudzaona kuti katalika n'kuchepa m'lifupi. Sikafu yonse idzachita chimodzimodzi chifukwa cha kulemera kwake. N'chifukwa chake wofuna mamita 3.6 asaluke mamita 3.6. Lukani pafupifupi mamita 3 poyeza ili pansi yosakokedwa, yotsalayo idzabwera yokha. Ngati mizere 40 ikukwana masentimita 10, mamita 3 ndi mizere 1,200.

Kansaluka kakuthandizaninso kudziwa ngati ulusi ukwane. Kali ndi masitichi 1,200, pamene sikafu ya masitichi 60 ndi mizere 1,200 ili ndi 72,000. Kayezeni pa sikelo ya m'khitchini, kulemera kwake muchulukitse ndi 60, muonjezepo magalamu 50 a mphonje ndi michira.

Kuluka

Yambani ndi wapepo. Poika masitichi oyamba gwiritsani singano yokulirapo, ya mamilimita 5, kuti chiyambi chisathine, kenako bwererani ku ya 4. Lukani sitichi ya kutsogolo yokhayokha, popita ndi pobwerera, imene mabuku olukira amaitcha garter stitch. Mizere iwiri iliyonse imapanga kamtumbira kamodzi, ndipo nsalu yonse imakhala ngati munda wopangidwa mizere. Powerenga, werengani timitumbira n'kuchulukitsa ndi 2.

Lamulo lalikulu ndi ili: chigawo chilichonse chikhale ndi mizere yogawika ndi 2, ndipo ulusi muzisinthira mbali imodzi nthawi zonse. Mukayamba mtundu watsopano, mbali imene yakuyang'anani malire amakhala oyera, pamene kuseri kumatuluka kamzere ka timadontho ta mitundu iwiriyo. Kamzereko si vuto, kalukidweka ndi kotero. Vuto limabwera mukaluka mizere 9 m'malo mwa 10, chifukwa timadonthoto timasamukira kumaso. Mukangomaliza chigawo choyamba, bayani pini mbali ya kumaso, ndipo musasinthe ulusi pini ili kuseri. Mukazindikira mochedwa kuti timadontho tatulukira kumaso, palibe njira yachidule, phwasulani mpaka pamalirepo. Kuisiya kumadzakuwawani nthawi iliyonse mukaivala.

Za ndondomeko ya mitundu, anthu okonda pulogalamuyi anawerenga kale timitumbira pa zithunzi ndi pa sikafu zenizeni, ndipo ndondomekozo zimapezeka pa intaneti mukafufuza sikafu ya Season 12, imene ndi ya 1974 ija. Koperani imodzi m'kope lanu, muzichonga chigawo chilichonse mukachimaliza. Musatenge theka uku theka uko, popeza zimasiyana pang'ono kawerengedwe. Chimene zimagwirizana ndi maonekedwe ake: wapepo ndi wachikasu amabwera m'zigawo zazifupi, za mizere 8 mpaka 16, pamene khaki ndi wobiriwira amakhala ndi zigawo zazikulu zofika mizere 50. Kuyamba kwake ndi kachigawo ka wapepo kotsatana ndi khaki wamkulu. Zigawo zikakhala zofanana kukula, ngakhale mitundu ikhale yolondola, siioneka ngati ya Doctor. Ngati mizere ya pa ndondomeko yanu ikuchepera pa imene mukufuna, onjezerani chigawo chilichonse mofanana, mwachitsanzo mizere 2 pa 10 iliyonse, n'kuonetsetsa kuti nambala yake ikugawikabe ndi 2.

Posintha ulusi musamange mfundo. Mfundo imamasuka pochapa, ikapanda kumasuka imatulukira kumaso. Dulani wakale musiye mchira wa masentimita 15, watsopano musiyenso chimodzimodzi, lukani masitichi atatu kapena anayi, kenako kokani michira iwiriyo pang'ono kuti sitichi ya m'mphepete isalekeze. Michirayo ilowetseni ndi singano yobuntha kuseri, motsatira kamtumbira ka mtundu wake womwewo, masentimita 5 kupita, 2 kubwerera, ndiye mudule. Chitani zimenezi mukatha zigawo zitatu kapena zinayi zilizonse. Zigawo zonse zimapitirira 40, michira n'kupitirira 80, ndipo sikafu zambiri zimene zimagonera m'thumba osamalizidwa zimagonera michira yomweyi.

Werengani masitichi pakutha pa chigawo chilichonse. Akachuluka, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti poyamba mzere ulusi unadutsa pamwamba pa singano, sitichi yoyamba n'kuoneka ngati iwiri, inu n'kuluka yonse. Potembenuza, ulusi uzilendewera pansi musanaupititse kumbuyo. Akachepa, pali sitichi imene yapulumuka. Ifufuzeni msanga, muigwire ndi pini, kenako muikweze ndi kasingano ka ngowe. Pa kalukidwe aka muzikoka kamodzi muli kumaso, kamodzi mutatembenuza nsalu, mosinthana choncho. Mukakokera mbali imodzi yokha mudzasiya kanjira kosalala pakati pa timitumbira.

Mzere umodzi umatenga mphindi zitatu kwa woluka wapakatikati, ndiye kuti ntchito yonse ndi maola pafupifupi 60. Mizere 20 patsiku, miyezi iwiri yatha. Wofuna kuivala m'nyengo yozizira ya June ndi July ayambe mu March. Ikafika mita imodzi, pindani mbali yomalizidwayo ngati mkeka, muimange ndi mapini aakulu, kuti isamakwekwerezeke pansi ndi kukoka masitichi a pa singano. Munthu mmodzi aluke yonse. Mukabwereketsa kwa mnzanu kuti akuthandizeko, malo amene analuka iye adzaoneka, chifukwa manja sakoka ulusi mofanana.

Pomaliza, tsekani ndi singano ya mamilimita 5 ija, momasuka, kuti mapeto afanane ndi chiyambi.

Kuwongola ndi mphonje

Ya ubweya iviikeni m'madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, kwa mphindi 20. Osaitikita, osaipotokola, chifukwa ubweya ukatikitidwa m'madzi umagwirana n'kukhala chikwakwalala, ndipo subwereranso. Itulutseni mutainyamula yonse m'manja, ikulungeni m'thawulo, pondani kuti madzi atuluke. Iyaleni pansi pamthunzi, muiwongole mpaka m'lifupi mufanane paliponse, iume ili chigonere. Mukaiyanika pa chingwe ili yonyowa idzatalika mopitirira muyezo n'kuwonda pakati. Ya acrylic ichapeni mofatsa n'kuiyala chimodzimodzi, koma simbi isayandikire. Kutentha kumafooketsa ulusiwu, timitumbira timaphwa, ndipo pamenepo yatha.

Mphonje ikani itauma. Mbali iliyonse ikhale ndi 12, ndipo mphonje iliyonse ikhale ndi mitundu yonse 7, chingwe chimodzi pa mtundu. Zungulizani ulusi pa katoni ya masentimita 15, dulani mbali imodzi, mupeza zingwe za masentimita 30. Mukufunika 24 za mtundu uliwonse, zonse pamodzi 168. Tengani 7, zipindeni pakati, lowetsani kasingano ka ngowe kuchokera kuseri, kokani popindapo, michira muilowetse m'kabowoko n'kumanga. Pa masitichi 60, ikani imodzi pangodya iliyonse, zotsalazo muzidumpha masitichi anayi kapena asanu. Zonse zilowere mbali imodzi kuti timfundo take tiyang'ane kofanana. Zipeseni ndi zala, muzidule molingana.

Kuvala ndi kusunga

Tom Baker ankaizunguliza pakhosi momasuka, mbali ziwiri n'kumalendewera mpaka kumunsi kwa mawondo. Ngati ndi ya mwana kapena munthu wamfupi, chepetsani mizere ya chigawo chilichonse ndi theka, nambala yake izigawikabe ndi 2, masitichi akhale 40, koma musachotse zigawo. Pokwera njinga yakapalasa kapena yamoto ivuleni muiike m'chikwama. Mchira wake ukalowa m'masipoko umakoka khosi, ndipo imeneyi ndi ngozi yeniyeni.

Ngati mukuganiza zoluka zogulitsa, dziwani kuti dzina la Doctor Who, chizindikiro chake ndi bokosi la TARDIS ndi za BBC, ndipo kuziika pa malonda kumafuna chilolezo.

Posunga musaikoleke pa msomali kapena pa hang'ala. Ipindeni kapena ikulungeni, muiike m'thumba lotseka bwino, itachapidwa ndi kuuma gwa, popeza njenjete zimakonda ubweya umene uli ndi thukuta. Ulusi wotsala wa mtundu uliwonse usungeni m'thumba lomwelo pamodzi ndi mapepala ake a nambala ya utoto. Malo oyamba kutha ndi mphonje ndi pamene pamakhuza khosi, ndipo pokonza mudzafuna ulusi umenewo.