Zoyenera kuchita m'bale akanena kuti akufuna kudzipha

Musanayambe, pezani malo achinsinsi, foni yokhala ndi mayunitsi, ndi munthu wamkulu mmodzi amene m'baleyo amamukhulupirira.

1. Mufunseni mosapita m'mbali kuti, "Kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimupatsa maganizowo, koma limamumasula kuti alankhule.

2. Mvetserani osamudula mawu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amathamangira kukalipa, kulalikira, kapena kunena kuti "mwamuna salira", ndipo munthu amene wapanikizika ndi ngongole kapena mavuto a m'banja amangotseka pakamwa, ena n'kumayesa kuti zatha.

3. Funsani ngati wakonza kale njira ndi nthawi. Ngati watero, musamusiye yekha, ngakhale usiku.

4. Chotsani m'nyumba mankhwala a kumunda, ophera makoswe, mapiritsi, zingwe ndi mowa, ndipo mukasungitse kwa munthu wina.

5. Musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni poyera kuti mudziwitsa munthu wodalirika uja.

6. Mumuperekeze tsiku lomwelo ku chipatala cha boma ndipo mupemphe kuonana ndi wachipatala woona za matenda a maganizo. Thandizo lapadera limapezeka ku Zomba Mental Hospital komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati ndi mwana, imbani 116 kwaulere.

7. Ngati wamwa kale mankhwala, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena paketi yake.

8. Akatuluka, muzimuyendera kawirikawiri, popeza masabata oyambirira ndi amene amakhala oopsa kwambiri.